Akampani ya intaneti akuti sathandiza ogwiritsa ntchito Linux: ndisankhe njira iti?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata awiri tsopano, ndipo ndikupempha amene anadutsapo kale m'njira imeneyi kuti andiunikire. Ntchito yanga ndi yomasulira ndi kukonza zolemba za anthu ena, ndipo ndimaigwirira pakhomo, kotero kuti intaneti kwa ine ndi khasu, si chinthu chongochezera ayi. Laputopu yanga ndi yakale ndithu koma ikadali yamphamvu. Pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinapeza kuti makina angawa sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo m'malo moti ndiwataye, mwana wa mchemwali wanga anandiikiramo Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imalowa m'malo mwa Windows. Ndaizolowera, ndaikonda, ndipo sindikufuna kubwerera m'mbuyo.

Mpaka pano ndakhala ndikudalira intaneti ya pafoni, koma misonkhano ya pavidiyo ikuchuluka ndipo mafayilo amene ndimatumiza kwa eni ntchito ndi akuluakulu, choncho ndaganiza zokhala ndi intaneti yokhazikika ya panyumba. Njira zimene ndingathe kupeza ndi zitatu: faiba, intaneti ya 4G kapena 5G, ndi ya setilaiti. Nditaimbira kampani ya faiba, ndinafunsa ngati intaneti yawo imagwira pa Linux. Mtsikana amene anandiyankha anakhala chete pang'ono, ndikumva akudinadina pa kompyuta yake, kenako anati iwo amathandiza ogwiritsa ntchito Windows ndi Mac basi. Nditafunsanso ngati zimenezo zikutanthauza kuti pa makina anga siigwira, anangobwereza mawu omwewo. Kampani yachiwiri inandionetsa dongle, kachipangizo kobaya pa USB kokhala ndi SIM khadi m'kati, ndipo pa katoni yake panalembedwa Windows ndi macOS zokha.

Mgwirizano wa faiba ndi wa chaka chathunthu, ndiye ndikuopa kusaina chinthu chimene chidzandikanika amisiri atachoka. Kodi mawu akuti sathandiza Linux akutanthauza chiyani kwenikweni? Mwa njira zitatuzi, ndi iti imene siivutitsa munthu wa Linux? Ndiwonjezerenso kuti mtsogolomu ndikufuna kumatsegula mafayilo amene ali pa kompyuta ya kunyumba pamene ndili paulendo, ngati zimenezo zili ndi mbali pa chisankhochi.

Mbewe anayankha:

Mayi Nachisale, khazikani mtima pansi, chifukwa mawu amene munamvawo sakutanthauza zimene mukuopa. Ine ndinagwirapo ntchito yoyankha makasitomala pa kampani ina ya intaneti ndisanasamukire kwa amisiri oika zingwe m'nyumba za anthu, choncho ndikudziwa kumene yankho lotere limachokera. Woyankha foni amakhala ndi ndondomeko yolembedwa kale, yomuuza kuti kasitomala adine pakuti, atsegule chakuti, awerenge nambala yakuti, ndipo ndondomekoyo inalembedwera Windows ndi Mac chifukwa ndi zimene anthu ambiri ali nazo. Linux ili ndi mitundu yambiri, monga Debian, Ubuntu, Fedora ndi Mint yanuyo, ndipo maonekedwe ake amasiyana, kotero kuti kampani imaona kuti kuphunzitsa antchito ake zonsezo ndi katundu wolemera. Akati sathandiza Linux, akunena kuti sangakutsogolereni pafoni; sakunena kuti chingwe chawo chimasankha kompyuta.

Chingwe sichingasankhe, chifukwa makompyuta onse a pa intaneti amalankhulana m'chinenero chimodzi chotchedwa TCP/IP, chimene malamulo ake ndi osindikizidwa poyera kuti aliyense awatsate. Netiweki ya ARPANET, imene intaneti inaphukirapo, inayamba kugwiritsa ntchito chinenerochi pa 1 Januwale 1983, ndipo m'chaka chomwecho Unix ya ku yunivesite ya Berkeley inatuluka nacho m'kati, Windows isanabadwe n'komwe. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, inakulira pa intaneti pomwepo. Ndipo mwina simukudziwa kuti marauta ambiri amene makampani amaika m'nyumba amayendera Linux m'kati mwake, monganso foni iliyonse ya Android. Kampani imene ikuti sithandiza Linux ikhoza kukubweretserani Linux yomweyo m'kabokosi kake.

Pa faiba zinthu zimayenda motere. Ulusi wagalasi umalowa m'nyumba n'kufikira pa kabokosi kotchedwa ONT, kamene kamasandutsa kuwala kukhala uthenga wamagetsi. Kuchokera pamenepo waya wa Ethernet umapita ku rauta, ndipo nthawi zina ONT ndi rauta zimakhala m'kabokosi kamodzi. Rauta ndi imene imalankhula ndi kampani. Kompyuta yanu imangolankhula ndi rauta, pa waya kapena pa Wi-Fi, ndipo imalandira adiresi yake yokha kudzera mu njira yotchedwa DHCP. Palibe pulogalamu imene muyenera kuika. Mukabaya waya, Linux Mint imalumikizika pa masekondi ochepa. Makampani ambiri amagwiritsa ntchito faiba ya mtundu wa GPON, imene ulusi umodzi umanyamula pafupifupi 2.5 Gbps (mabiti mabiliyoni 2.5 pa sekondi) potsika ndi 1.25 Gbps pokwera, zimene nyumba zingapo zimagawana, ndipo liwiro lake silitsika ndi mtunda monga zimachitikira pa waya wamkuwa wa foni.

Tsiku limene intaneti idzavute, musadzayambe ndi kutchula Linux, chifukwa mukatero woyankhayo amaona ngati wapeza kale gwero la vuto. Yambani mwayang'ana timagetsi ta pa ONT. Kolembedwa PON kakayaka mobiriwira osaphethira, ndiye kuti ulusi uli bwino. Kolembedwa LOS kakayaka mofiira, ndiye kuti kuwala sikukufika, mwina ulusi waduka kapena wapindika penapake, ndipo limenelo ndi vuto lawo, si la kompyuta yanu. Yesaninso ndi foni pa Wi-Fi yomweyo. Mukawauza kuti LOS yafiira ndipo foni nayonso yakanika, kukambirana kumafupika kwambiri. Kwa ine, faiba ikapezeka, palibe chifukwa choyang'anira kwina.

Nagama anayankha:

Amayi, zimene anena Bambo Mbewe ndi zoona pa faiba, koma pa dongle ija ndikuti samalani, chifukwa pamenepo ndi pamene vuto la Linux limakhala lenileni. Kusiyana kwake n'kwakuti rauta imadziyendetsa yokha, pamene dongle imadalira kompyuta yanu kuti iiyendetse, ndipo pamafunika kapulogalamu kotchedwa driver kodziwa kulankhula ndi chipangizocho.

Ine ndinagulapo dongle yotere ndili pa Ubuntu. Nditaibaya, sinaoneke ngati modemu ayi. Pa sikirini panatuluka chithunzi cha CD, ndipo m'kati mwake munali pulogalamu yoikira ya Windows yokha. Opanga amachita dala zimenezi kuti dongle izinyamula yokha pulogalamu yake, ndipo imasanduka modemu pokhapokha italandira lamulo lapadera. Pa Linux ntchito yotumiza lamulo limeneli imagwiridwa ndi usb_modeswitch, kenako ModemManager ndi NetworkManager zimatenga udindo, n'kukufunsani dzina la APN, khomo lolowera pa intaneti ya kampani yanu. Masiku ano zonsezi zimabwera kale mu Ubuntu ndi Mint, ndipo madongle ambiri amagwira popanda kuchita chilichonse. Yanga ija sinali pa mndandanda wa zipangizo zodziwika, moti ndinatha madzulo atatu ndikufufuza manambala ake ndi lamulo la lsusb, ndipo itagwira, inkadukabe laputopu ikangogona n'kudzuka. Amene anagwiritsapo ntchito makompyuta m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira ma winmodem, mamodemu otsika mtengo amene ntchito yawo yaikulu inkagwiridwa ndi pulogalamu ya Windows. Matenda ake ndi omwewo, angosintha chovala.

Choncho ngati mungasankhe 4G kapena 5G, pemphani rauta yolowetsamo SIM khadi, yokhala ndi Wi-Fi ndi pobayira waya wa Ethernet, osati dongle. Mukatero mwabwerera pa zimene afotokoza Bambo Mbewe, zoti kompyuta imangoona netiweki wamba. Funsaninso ngati rautayo ingathe kukonzedwa kudzera pa browser, chifukwa zina za masiku ano zimafuna app ya pafoni kuti musinthe ngakhale pasiwedi ya Wi-Fi, ndipo app yoteroyo imakhala ya Android ndi iPhone basi.

Wi-Fi ya m'laputopu ndi malo ena amene anthu atsopano pa Linux amapunthwa, n'kumaimba mlandu kampani ya intaneti pamene vuto ndi driver. Zinthu zinapepuka, moti ngakhale Debian, imene kale inkakana kuika m'chimbale chake choikira timapulogalamu tosatseguka ta zipangizo, inayamba kutiphatikiza mu Debian 12 ya mu 2023. Inuyo ngati mwakhala mukulumikiza laputopu ku foni yanu pa Wi-Fi, ndiye kuti mbali imeneyo ili kale bwino.

Chimene sindikonda pa 4G si nkhani ya Linux konse. Nsanja imodzi imagawidwa pakati pa anthu onse a m'deralo, ndiye liwiro limene mumaona m'mawa silimene mudzaone madzulo aliyense akamaonera mavidiyo. Musanagule, tengani SIM khadi ya kampaniyo, muiike m'foni, muyese liwiro muli pamalo pomwe mumagwirira ntchito, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku angapo. Werenganinso mawu ang'onoang'ono a mu mgwirizano, chifukwa intaneti yotchedwa yopanda malire nthawi zambiri imakhala ndi mlingo umene mukaupyola amakuchepetserani liwiro.

Phiri anayankha:

Ndikugwirizana ndi onse awiri pa mfundo yoti intaneti igwira, koma ndikusiyana pang'ono ndi Bambo Mbewe pamene akuti faiba ikapezeka palibe choyang'anira kwina. Makampani awiri akhoza kugulitsa faiba yofanana liwiro, koma wina n'kukupatsani ufulu pa netiweki ya m'nyumba mwanu pamene wina wakumangani manja. Munthu amene wasankha pulogalamu yotseguka, imene aliyense angathe kuiwerenga, kuikonza ndi kuigawira ena, ayenera kufunsanso kuti kabokosi kamene kakhale pakati pa iye ndi dziko lonse kali m'manja mwa ndani. Rauta ya kampani nthawi zambiri imayendetsedwa ndi kampaniyo kuchokera kutali, ndipo ikasiya kuitumizira zokonza zachitetezo, inu simungachitepo kanthu.

Funso loyamba kwa iwo likhale lakuti, kodi amalola kasitomala kuika rauta yakeyake? Ngati amalumikiza kudzera mu PPPoE, njira imene rauta imadzidziwitsira kwa kampani, afunseni ngati adzakupatsani dzina ndi pasiwedi yake, komanso nambala ya VLAN, yosonyeza chigawo cha netiweki yawo, ngati ilipo. Ngati ONT ndi rauta zili m'kabokosi kamodzi, funsani ngati kangaikidwe pa bridge mode, kutanthauza kuti kazingodutsitsa uthenga, ntchito yonse ya rauta n'kusiyira chipangizo chanu. Nkhani imeneyi si yaing'ono: ku Germany anachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2016, lopatsa kasitomala ufulu wosankha rauta ndi kukakamiza makampani kupereka zofunika polumikiza. Amene ali ndi rauta yakeyake angathe kuikamo OpenWrt, Linux yopangidwira marauta. Mbiri yake ndi yophunzitsa. Mu 2003 anthu anazindikira kuti rauta ya Linksys WRT54G inkayendera Linux, ndipo popeza laisensi ya GPL imalamula kuti wogawa pulogalamu yotere aperekenso zolemba zake zam'kati, kampaniyo inazitulutsa, ndipo OpenWrt inayambira pamenepo mu 2004.

Funso lachiwiri likukhudza chikhumbo chanu chotsegula mafayilo a kunyumba muli kutali. Maadiresi a pa intaneti a mtundu wakale, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha, ndipo bungwe la IANA linagawa omaliza mu Febuluwale 2011. Chifukwa cha kuchepaku, makampani ambiri amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Pofufuza zinthu pa intaneti kapena pochita msonkhano wa pavidiyo simungaone kusiyana, koma kuchokera kunja simungathe kufika pa kompyuta ya kunyumba mwachindunji, monga mmene kalata singafikire munthu wa m'nyumba ya mabanja ambiri ngati pa envelopu palibe nambala ya chitseko. Mungadziwe mosavuta: tsegulani tsamba la rauta, ndipo ngati adiresi yake yakunja ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, muli kuseri kwa CGNAT. Pa 4G ndi 5G zimenezi ndi zachizolowezi. Choncho funsani ngati amapereka adiresi yanuyanu ya IPv4, ndiponso ngati ali ndi IPv6, njira yatsopano yokhala ndi maadiresi ochuluka kwambiri, imene Linux imaidziwa bwino kuyambira kalekale.

Popeza mumatumiza mafayilo akuluakulu, musakopeke ndi nambala yaikulu ya pa chikwangwani, chifukwa imeneyo imakhala ya liwiro lotsitsira. Funsani la kutumiza. Pa ADSL2+, intaneti ya pa waya wamkuwa wa foni, munthu ankatha kulandira mpaka 24 Mbps (mabiti mamiliyoni 24 pa sekondi) koma kutumiza pafupifupi 1 Mbps yokha, ndipo ngakhale pa faiba makampani ena amachepetsa dala mbali yotumizayo.

Za setilaiti ndinene mwachidule. Zakale zija zimakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera padziko, ndipo uthenga umatenga pafupifupi mamilisekondi 600 kupita ndi kubwerera, zimene zimachititsa kuti pa msonkhano anthu azidulana mawu. Za Starlink zimayenda pafupi, pa makilomita mazana angapo okha, ndipo kuchedwako kumatsika kufika pa mamilisekondi makumi ochepa. Linux imagwira bwinobwino chifukwa nayonso imathera pa rauta, koma mbale yake imafuna thambo losatchingidwa ndi mitengo kapena nyumba, mvula yamphamvu imaisokoneza, ndipo makasitomala wamba amakhala kuseri kwa CGNAT pa IPv4. Ndi njira yabwino kwa amene faiba siinawafike, osati kwa inu.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwanditsegula m'maso. Lero ndaimbiranso kampani ya faiba ija, ndipo ulendo uno sindinatchule Linux koma ndinawerenga mafunso a Bambo Phiri monga ndinawalembera papepala. Woyankhayo atamva za PPPoE ndi CGNAT anandilumikiza kwa amisiri awo, ndipo bambo amene ndinalankhula nawo anayankha zonse mosabisa. Akuti amagwiritsa ntchito PPPoE ndipo dzina ndi pasiwedi amapereka kasitomala akapempha, ONT ndi rauta ndi zipangizo ziwiri zosiyana, IPv6 ilipo, koma pa IPv4 aliyense amayambira pa CGNAT ndipo adiresi yakeyake ndi yolipira mwapadera mwezi ndi mwezi. Pomaliza ndinawauza kuti ndili pa Linux Mint, ndipo anati iwonso kunyumba kwawo amagwiritsa ntchito Debian.

Dongle ndaisiya, Mayi Nagama, ndipo foni ikhala yodalira tsiku limene faiba yaduka. Chatsala n'chakuti, kodi ndilipire adiresi yapaderayo kuyambira pachiyambi, nanga rauta yangayanga ndigule tsopano kapena ndidikire?

Mbewe anayankha:

Bambo Phiri andikonza bwino, ndipo ndikuvomera kuti mafunso awo ndi ofunika kufunsidwa musanasaine. Komabe, Mayi Nachisale, ndikulangizani kuti musasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Yambani ndi rauta ya kampani kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kuti pakakhala vuto pa ulusi pasakhale mpata wonena kuti chipangizo chanu ndi chimene chikulakwitsa. Dzina ndi pasiwedi ya PPPoE zitengeni tsiku lomwelo amisiri akadali pakhomo, muzisunge pabwino. Mukadzaika rauta yanu n'kuona kuti masamba ena akutseguka pamene ena akungoima, yang'anani nambala yotchedwa MTU, yosonyeza kukula kwa phukusi la uthenga: pa PPPoE kawirikawiri imayenera kukhala 1492 osati 1500, chifukwa PPPoE imadya mabaiti 8 pa phukusi lililonse.

Adiresi yapadera ingadikire. Popeza IPv6 ilipo, mwana wa mchemwali wanu uja angakuikireni WireGuard, pulogalamu yolumikiza makompyuta otalikirana mwachinsinsi, imene ili m'kati mwa Linux kuyambira mu 2020, kuti muzifika kunyumba motetezeka. Vuto lake n'lakuti malo amene mudzakhale paulendo ayenera kukhalanso ndi IPv6, ndipo ambiri alibe. Mukaona kuti zikukanika kawirikawiri, pamenepo ndi pamene mungalipire adiresi ya IPv4.

Tsiku loika, bayani waya wa Ethernet pa laputopu n'kuyesa liwiro amisiri asanachoke, osati pa Wi-Fi. Kumbukirani kuti baiti imodzi ndi mabiti 8, choncho 100 Mbps imatsitsa pafupifupi mamegabaiti 12.5 pa sekondi, ndipo laputopu zina zakale pobayira waya pake sipapyola 100 Mbps ngakhale mutalipira liwiro loposa pamenepo. Sankhaninso malo a ONT mosamala, pafupi ndi soketi ya magetsi ndiponso pamene ulusi sudzapindidwa ndi chitseko kapena kupanikizidwa ndi mwendo wa tebulo, chifukwa ambiri mwa maulendo amene ndinkaitanidwa kukakonza LOS yofiira ankathera pa ulusi wopindika kuseri kwa kabati.